Migolo Itatu ya a Amândio

M'mudzi wawo wa m'mapiri a Douro, a Amândio ankadziwika kuti ndi katswiri wosakaniza vinyo wofiira. Anali ndi migolo itatu. Wa mphesa za touriga unali wa vinyo wakuda, wonunkhira maluwa koma womanga lilime. Wa roriz unali ndi kafungo ka tsabola, ndipo wa barroca unali wofewa, wotsekemerera. Chaka ndi chaka iwo ankathira, akazi awo a Deolinda n'kumalawa ali pa kampando, uku akutafuna soseji. A Deolinda akavomera ndi mutu, a Amândio ankatuluka kukalandira ulemu.

Chaka china a Deolinda anamwalira mphesa zisanapse.

"Bambo, tizule mphesazi tidzale maolivi," anatero Fausto, mkamwini wawo. "Msana wanu watha, ndipo wolawa uja kulibe."

"Wosakaniza alipo," anayankha a Amândio. "Tsiku la Martinho Woyera tidzalawe. Akaipa, zula."

Analowa okha m'chipinda cha migolo. Kampando ka malemu kaja anakakankhira pakona, natsuka m'kamwa ndi madzi, chifukwa kuyambira kale ankakhulupirira kuti katswiri weniweni salawa akutafuna. Anachulutsa touriga, poti ndi amene ankamumva bwino. Atalawa, lilime linauma ngati chikopa cha nsapato. Anadziuza kuti imeneyo ndiye mphamvu, ndipo m'chipindamo munalibe wowatsutsa.

Tsiku la Martinho Woyera anthu amalawa vinyo watsopano ndi mtedza wa kastanya wowotcha. Anabwera Fausto, a Albino oyandikana nawo nyumba, ndi a Ermelinda, akulu awo a malemu, atanyamula dengu.

A Albino anamwa, natafuna kastanya, nameza movutikira.

"Ali ndi khalidwe lake," anatero.

"Alamu," anafunsa a Ermelinda, "mwathiramo khungwa la mtengo wanji?"

Fausto sanaseke. Anangoyang'ana munda wa paphiri ngati akuona kale maenje a maolivi. A Amândio anamwanso kuti adziteteze, koma kastanya wouma uja ndi vinyoyo zinagwirizana kuwamata m'kamwa. Anaganiza kuti zaka zonsezi ntchito yawo inali ya jagi, yongothira basi, kungoti jagi silipita ku bala kukadzitama.

A Ermelinda anavundukula dengu. Munali kamwana ka mbuzi kowotcha ndi adyo, mbatata zitamira m'mafuta ake, ndi tchizi cha mkaka wa nkhosa.

"Idyani kaye, mumwe pambuyo."

"Vinyo wabwino safuna loya," anatero a Amândio.

"Yasamulani, alamu. Pakamwapo simupagwiritsa ntchito ina iliyonse."

Anayasamula. Anatafuna nthuli yonona, kenako anamwa. Vinyo uja anabwera ngati munthu wina. Kumanga lilime kunatha, mafuta a mbuzi anatsukika m'kamwa, ndipo kunatulukira kukoma kwa zipatso zakuda zakupsa, kafungo ka tsabola n'kutsalira kukhosi. Anayesa ndi tchizi, zinakomanso. Anabwerera ku kastanya kuti atsimikize, lilime linaumanso.

"Mng'ono wanga ankasakaniza vinyo wodyera chakudya," anatero a Ermelinda. "Mumayesa soseji ija inali njala?"

"Njala inaliponso," anatero a Amândio.

A Ermelinda anaseka mpaka kupukuta m'maso ndi epuloni, ndipo anachedwa kumaliza kupukutako.

"Ndiye mlanduwu tiuweruza bwanji?" anafunsa Fausto. "Waipa kapena sanaipe?"

"Ndi kastanya, zula mawa lomwe," anatero a Albino. "Ndi mbuzi, usakhudze."

"Munthu sangaphe mbuzi tsiku lililonse," anatero Fausto.

"Mgolowu utha ndi soseji," anatero a Ermelinda. "Wafanana ndi mwini wake. Payekha sapiririka."

A Amândio anafuna kukana, koma m'kamwa munali nyama. Fausto anang'amba mwendo wa mbuzi, natafuna, namwa. Kenako anatambasula kapu kuti amuthirirenso.

"Maolivi adikire chaka china," anatero. "Koma musadzasakanizenso nokha."

"Ndidzabwera ineyo," anatero a Ermelinda. "Inu muzidzangothira. Soseji mudzagule nokha, yamafuta."

Alendo atapita, a Amândio analowa m'chipinda cha migolo, natenga kampando kaja pakona. Anakapukuta ndi chipewa, n'kukabwezera pamalo pake, pafupi ndi mgolo wa barroca.