Kamera Yoona Kutali

Aliyense amene akulingalira zogula kamera ayambe wamva za a Ignasio a ku Golomoti, pakuti kuphunzira pa manyazi a mnzako n'kotchipa kusiyana ndi kuphunzira pa ako.

A Ignasio anali kalaliki pa depoti yogulira thonje. Thonje limagulidwa miyezi yochepa pa chaka, ndipo miyezi yotsalayo imampatsa munthu nthawi yoopsa yodzifunsa kuti iye kwenikweni ndi ndani. A Ignasio anapeza kuti iwo ndi katswiri wojambula zithunzi. Ankajambula ndi foni: mbuzi, milambe, njanji, amayi ogulitsa usipa. Zithunzizo zinkatuluka ngati zajambulidwa mu utsi, koma iwo ankati wolakwa ndi chida, osati mmisiri.

Mlongo wawo, Getrude, ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Joni. Mapepala ake anali atatha kalekale, moti akanangotuluka m'dzikolo sakanabwereranso. Bambo awo atamwalira, iye analirira pa foni. Patatha zaka ziwiri anatumiza zomangira chiliza, ndipo tsiku lochivumbulutsa litayandikira anaimba.

"Achimwene, kubwera sindibwera, mukudziwa. Ndikupempha chinthu chimodzi chokha: chithunzi cha amayi ataima pambali pa chiliza cha abambo. Chooneka bwino, choti ndichikulitse n'kuchipachika m'chipinda changa. Osati za utsi zanu zija."

"Utsi ndi wa foni, chemwali."

"N'chifukwa chake ndawonjezera za kamera. Mukagule yeniyeni. Ntchito ikatha ikhala yanu."

A Ignasio anakwera minibasi ya ku Lilongwe atavala jekete, ngakhale unali mwezi wotentha wa Okutobala. Anapeza kasitolo kogulitsa makamera ogwirapo kale ntchito, ndipo wogulitsa anali mayi wodekha dzina lake Lucy. Iye anatulutsa kamera ya mtundu umene amautcha SLR, yomwe galasi lake lakutsogolo, lenzi, limachotsedwa n'kuikapo lina.

"Mukufuna kumajambula chiyani, bambo?"

Funsoli analimva ngati chipongwe. "Zithunzi."

"Ndikutanthauza anthu kapena mbalame? Pafupi kapena patali?"

"Zonse."

"Pa mtengo mwatchulawu mutenga kamera ndi lenzi imodzi. Ndiye ndiuzeni ntchito yake, ndikusankhireni."

Apa ndi pamene munthu wanzeru akanangonena kuti: mayi wokalamba, chiliza, pamanda. Mawu anayi. Koma a Ignasio sanavalire jekete kudzakamba za maliro pamaso pa mkazi wachilendo. Lucy anaikapo lenzi yaifupi, yakuda, yosaposa kapu ya tiyi, nawajambula pomwepo. Anatuluka athunthu, kuyambira dazi mpaka nsapato, ndi thukuta lomwe.

"Iyi ndiyo ya maukwati, ubatizo, banja likasonkhana," anatero.

Koma maso a a Ignasio anali atakodwa kale pa shelefu. Pamenepo panagona lenzi yotuwa, yaitali ngati mkono wa munthu. Zoterozo anazionapo ku Mua, zitapachikika pa zifuwa za azungu odzaona malo, ndipo anaona momwe anthu ankawapatukira m'njira.

"Iyo anasiya mzungu wina wokonda mbalame," anatero Lucy. "Imakoka zakutali basi, siibwerera m'mbuyo. Munthu akaima pafupi mudzaona mphuno yokha."

"Ndiye kuti ndi yamphamvu."

"Nkhwangwa nayonso ndi yamphamvu, bambo, koma sitisendera mbatata."

"Kakang'onoko anthu aziti ndi foni yonenepa. Ndikulungireni yaikuluyo."

Lucy anawafunsa kachiwiri, ndipo kachitatu sanafunsenso. Wogulitsa woona mtima ali ndi malire ake.

Asanene wina kuti a Ignasio sanaiyese kamerayo. Anaiyesa sabata yathunthu ali pakhonde. Anajambula kabawi ali pamwamba pa mlambe, nthenga iliyonse yowerengeka. Anajambula galimoto ikutsika mapiri a ku Dedza. Anajambula mneba wa kutsidya kwa msewu akutokosola m'mano. Mkazi wawo, Fainesi, anaima kutsogolo kwawo kawiri konse.

"Tandijambulaniko inenso, bambo a kunyumba."

"Tapatuka, ukunditchinga."

Chenjerani ndi munthu amene amaona bwino zonse kupatula zimene zili pakhomo pake.

Tsiku linafika. Manda a kwawo, kuseri kwa Mtakataka, ali ngati manda ena onse a kumeneko: nkhalango yothithikana imene nkhwangwa siilowamo, mitumbira itagundana, kanjira kake kodutsa munthu mmodzi. Simulowedwa mwachisawawa. Mumatsegulidwa pa maliro kapena pa tsiku lopemphedwa ngati limeneli, ndipo olowa amatsogozedwa ndi adzukulu, amene amakumba manda ndi kuwasamala.

Anthu atasonkhana pakhomo pa nkhalangoyo, a Ignasio anakweza dzanja.

"Abale, pamanda si pamsika. Mafoni onse m'matumba. Wojambula alipo mmodzi, ndipo aliyense adzalandira chithunzi chaulemu."

Anthu anayang'ana lenziyo, namvera. Mkulu wa adzukulu, bambo wa imvi amene mwambo umamulola kuseka ngakhale ena akulira, anaizungulira.

"Achimwene, mfutiyi mukawombera ndani? Onse m'menemu anagona kale."

Katekisiti anapemphera. Nsalu inachotsedwa, chiliza chinaonekera, chosalala bwino. Amayi awo, a Fagness, anaimikidwa pambali pake atagwira ndodo, nkhope atailunjika kwa mwana wawo monga anauzidwira. A Ignasio anakweza kamera.

Anaona chifunga chotuwa.

Anabwerera phazi limodzi. Chifunga. Anabwerera mapazi atatu, ndipo munatulukira zilembo ziwiri za dzina la bambo awo, zazikulu ngati chikwangwani cha golosale. Anadina. Anapotoza pang'ono, napeza khutu la amayi awo. Anadinanso. Anabwereranso m'mbuyo, chidendene n'kukwera pa dothi lofewa.

"Mwaponda agogo a eni ake," anatero mkulu wa adzukulu. "Tsikani. Sanakulakwireni."

Kumanzere kunali mtengo. Kumanja kunali mtumbira wa mwana. Kanjira kanali kodzaza ndi azakhali. Kuti mayi ndi chiliza akwanire m'galasimo panafunika mapazi makumi anayi, ndipo m'manda mulibe mapazi makumi anayi opanda mwini. Katekisiti anayambitsa nyimbo yomaliza.

Fainesi anasendera pafupi, nanong'ona. "Nditulutse foni? Kamodzi kokha."

A Ignasio anayang'ana anthu aja anawalamula okha, onse manja ali m'mbali, akudikira katswiri. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, akulu anatero. Koma kuvomera foni kunali kuvomera kuti mayi wa m'sitolo uja ananena zoona.

"Ayi. Zikuyenda."

Anazunguza kamera uku ndi uku kuti aoneke wotanganidwa, ndipo mwadzidzidzi, kudzera pa mpata wa mitengo, galasi linagwira chinthu chathunthu: chiliza choyera, mtanda pamwamba, dzuwa likuchiwalira, chilembo chilichonse chowerengeka. Chala chinadina chokha, monga chinazolowera pa kabawi. Kenaka anawerenga dzinalo. Chinali cha malemu a Silvesta, amene anakangana ndi bambo awo za malire a dimba kwa zaka makumi awiri, mpaka onse awiri kutsikira kuli chete osapatsana moni.

Anthu anayamba kutuluka. Amayi awo anatuluka atagwiridwa dzanja ndi ana a mng'ono wawo.

"Nditsalire pang'ono," anatero a Ignasio kwa mkulu wa adzukulu.

"Tinalowa limodzi, titulukanso limodzi. Musadandaule, achimwene, maliro sasowa. Mudzajambula pa otsatirawo, ngati sadzakhala anu."

Getrude anadikira masiku atatu. Tsiku lachinayi a Ignasio anatumiza zithunzi zonse zitatu pa foni, popanda mawu. Yankho linabwera madzulo, liwu lake lili phee.

"Ndaona, achimwene. Chiliza cha a Silvesta n'chokongola, ana awo anayesetsa. Cha abambo ndaona zilembo ziwiri, ndikhulupirira kuti zinazo ziliponso." Kenaka anapitiriza: "Khutulo ndi la amayi. Ndolo imeneyo ndinatumiza ine zaka zitatu zapitazo, ndinkaganiza kuti sanaivalepo. Ndipachika limenelo."

Nkhani siibisika pa Mtakataka. Sabata isanathe, ana a malemu a Silvesta anafika ku Golomoti ndi nkhuku, kudzapempha chithunzi cha chiliza cha bambo awo. Lero chili m'felemu, pabalaza pawo, ndipo mlendo aliyense amauzidwa kuti anajambula ndi a Ignasio, munthu wopanda mangawa, amene pa tsiku la bambo ake omwe anakumbukira mdani wa bambo akewo.

A Ignasio sanatsutsepo. Kamerayo amaipachikabe pachifuwa, ndipo anthu amawapatukira m'njira. Fainesi mpaka lero alibe chithunzi.