Mankhwala Akanunkhira Ndiye Kuti Athawa

Kinue anamva fungolo asanavule n'komwe nsapato pakhomo, ndipo mtima unamuwira. Nyumba yonse inkanunkhira masamba a shiso, chitsamba cha mankhwala, mpaka kukhonde.

Mwamuna wake Shozo ankavutika kumeza, ngati pakhosi pakhala kanthu, ndipo mankhwala azitsamba ochokera kumtunda ndi okhawo ankatsegulira njira phala la mpunga. Mizu ndi makungwa zinkawira pang'onopang'ono mumphika wadothi. Masamba a shiso okha ankabwera m'kapepala kawokawo, oponya kumapeto n'kuvundikira msanga, chifukwa mphamvu yake imatuluka ndi nthunzi. Phukusi limeneli linali lomaliza, ndipo boti lochoka pachilumba chawo kupita kumtunda linali litaima chifukwa cha mphepo.

Kukhitchini anapeza Tomoe, mlongo wamkulu wa Shozo, akutakasa mumphika wosavundikira, moto uli lawilawi. Tomoe anati ataona kuti Kinue wachedwa kukachisi, anangothira zonse pamodzi kuti amupepuze ntchito, ndipo chivundikiro anachotsa poopa kuti zisefukira.

"Tamvani kununkhira kwake, mlamu. Ngakhale akhwangwala padengapa achira."

"Ndiye mwachiza akhwangwala, alamu. Nanga mlongo wanuyo amwa chiyani, madzi otsukira mbale?"

Tomoe anayankha kuti iye anayamba kuphikira Shozo kale, Kinue asanamere mano, ndipo anatuluka osatseka chitseko.

Kinue anagwada paguwa la makolo, koma pemphero linakana kubwera. Kandodo ka lubani kanathyokera m'zala zake. Anatenga kena, nakonso kanathyoka. Kuchipinda Shozo ankayesa kutsokomola motsitsa kuti asamveke, ndipo zimenezo zinangomuwonjezera mkwiyo.

Posakhalitsa Tomoe anabweranso atanyowa ndi mvula, atabisa kanthu m'malaya. Anaika patebulo mtolo wa shiso wofiira wouma, womwe ankasunga kwawo pakhoma chithereni chilimwe. Sanapepese. Kinue nayenso sanathokoze. Anathothola tsamba limodzi, nalinunkhiza, kenaka anachepetsa moto, n'kuponya masambawo, n'kuvundikira.

"Gwirani apa. Mukangosuzumiramo, ndikukwezani boti lomwe laimalo."

Tomoe anadinikiza chivundikirocho ndi nsalu, manja onse awiri, madzi akudontha kutsitsi lake. Mphikawo unkatentha koma sanasunthe. Kinue anayang'ana manjawo kanthawi, nkhope idakali gwa. Ndiye anatsitsa kapu ya Shozo, nayamba kutsuka mpunga wa anthu atatu.