Nkhope Yotsalira pa Galasi

"Ndinanena kapena sindinanene?" Tsabola anakuwa, mawu ake n'kudzaza holo yonse. "Ndinati musachichotse m'galasi!"

Kajambula, yemwe ankakonza zithunzi za chionetserocho, anangozolika. Patebulo pake panali felemu yakale yopasulidwa, timisomali tadzimbiri ndi kampeni kopyapyala. Pambali panagona chithunzi chimene Tsabola anabwereketsa dzana. Pangodya yake yam'munsi panali chigamba choyera mbee, ngati bala.

M'makoma anali atapachika kale mbiri ya chigwa chonse: sitolo yoyamba, basi itatitimira m'matope pamtsetse, amayi akuchapa pamiyala mtsinje usanadye magombe ake. Zonse zinali m'mafelemu atsopano akuda, ofanana ngati ana asukulu pamzere. Cha Tsabola chokha ndicho chinkaonetsa mlatho ukumangidwa. Pamwamba panaima kapitawo, chipewa kumutu, dzanja m'chiuno. Pansi, m'madzi olekeza m'mawondo, munali anthu osenza miyala. Wapangodya, amene anadzutsa mutu n'kuyang'ana kamera, anali bambo ake a Tsabola. Mtsinje womwewo unawatenga Tsabola akadali kumsana kwa mayi ake, ndipo chithunzi chawo china kunalibe.

"Asisi, chinyezi cha kumapiri kuno mukuchidziwa," Kajambula anayamba. "Chithunzi chikakhalitsa chimamatirira kugalasi. A Wapampando anati felemu yodyedwa ndi chiswe itichititsa manyazi pamaso pa alendo. Ndiye nditangolowetsa kampeni chonchi..."

"Manja anali a ndani?"

"Anga, asisi. Koma wotumidwa..."

"Akakutumani kukadumpha pamlatho mudzadumpha?"

Phokosolo linaitana a Wapampando a komiti yachionetsero. Anabwera akupukuta mandala awo ndi nsonga ya tayi. Iwo anali mwana wa kapitawo uja.

"Kodi ndi iwe telala wa kumsika? Amene anakutcha Tsabola sanakunamizire, mwana wanga." Anaweramira pachithunzi, kenako anapumira m'mwamba. "Aa, Mulungu ngwabwino. Mlatho uli bwinobwino, bambo anganso sanakhudzidwe. Kanyotsoka n'kangodya chabe. Tiphimbapo ndi kapepala kofotokozera, palibe adziwe."

"Kangodyako ndi bambo anga."

A Wapampando anatsokomola. "Pepa. Koma madzi akatayika saoleka. Komanso anthu akubwera kudzaona amene anamanga mlatho."

"Anaumanga ndi chipewa?" Tsabola anafunsa. "Tiyeni kumtsinje pompano, mukandilozere mwala umodzi umene bambo anu anasenza. Umodzi wokha. Ndikaupsompsona anthu akuona."

Amayi awiri amene ankakolopa anaimitsa ntchito. Wina anabisa kamwa ndi mpango.

"Lilime limenelo lidzakusowetsa mtendere," a Wapampando anatero. "Iyi ndi mbiri ya tonse."

"Ya tonse, koma nkhope yotsala ndi yakwanu."

Kajambula anasolola galasi lakale pansi pa nyuzipepala, n'kulikweza kuwindo ndi manja awiri. Pangodya panali kachikopa kotuwa komatirira: chipumi, diso limodzi, mphuno, ndi phewa lokhala ndi mwala.

"Sanapite onse," ananong'ona. "Koma musalitsuke. Mbali iyi musakhudze ngakhale ndi chala."

Tsabola analanda galasilo n'kulikulunga m'juzi yake. Kenako anatolanso chithunzi chija.

"Iyayi, chimenecho chisiye," a Wapampando anatambasula dzanja. "Malo ake tasunga pakati penipeni pa khoma. Dzina lako tililemba pansi, aliyense aliwerenge."

"Msomali mwakhoma kale, eti? Alendo anuwo adzaone msomali."

Kunja nkhungu inali itatsika m'phiri, kukuwaza mvula yamawawa. Tsabola anayenda wopanda juzi, katundu wake atamukumbatira pachifuwa ngati khanda. Atafika pamlatho ukali wonse unamuthera, m'malo mwake munalowa mantha. Mayi ake sanafune kuti chithunzicho chituluke m'nyumba. Iye ndiye anawakakamiza. "Anthu adziwe kuti bambo analipo," anatero tsiku lija, akudzigunda pamtima. Mayi anangoyankha kuti, "Upite nawo, koma ubwere nawo."

Atafika kunyumba anawapeza mayi ali pampando wawo, moyang'anana ndi khoma pamene panatsala malo oyera a makona anayi.

"Wabwera nawo?"

Tsabola anagwada. Anayala chithunzi pamiyendo pawo. Mayi anayendetsa chala kudutsa mlatho, kudutsa anthu am'madzi, mpaka chinaima pachigamba choyera. Chinakhala pamenepo nthawi yaitali.

"Amayi, ndikanamva zanu..."

"M'juzimo muli chiyani?"

Anavundukula galasi. Mayi analigwira m'mphepete, n'kulipendeketsa uku ndi uku, koma maso awo okalamba sankaona kanthu.

"Tandipatsa kansalu koyera m'zidutswa zako zija."

Tsabola anakatenga pamakina ake osokera. Atakayika kuseri kwa galasi, nkhope inatulukira: diso limodzi lija likuyang'anabe, mwala ukadali paphewa. Pakamwa panalibe.

Mayi sanalire. Anangogwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Mtsinje unatenga munthu, n'kundisiyira chithunzi. Awa atenga chithunzi, andisiyira diso." Anadzuka movutikira, n'kukatsamiritsa galasilo pashelefu, kutali ndi windo lodontha. "Basi. Asatulukenso m'nyumba muno."

Tsabola anatola pepala lotsalalo, pamene kapitawo anali ataimabe ndi chipewa chake, wosakandika n'komwe.

"Nanga ichi, amayi?"

Mayi sanacheuke.

"Kachiike pansi pa sutikesi. Kapitawoyo waima pamwamba pa bambo ako nthawi yokwana."