Kambale Kotembenuka

"Amayi, bwerani mudzaone! Tapeza!" anafuula Dotolo, nkhope ili pakompyuta ngati akufuna kulowamo.

Amanzere anasiya botolo limene ankatsuka. Dzinali anawapatsa anzawo chifukwa chilichonse ankachita ndi dzanja lamanzere. Zaka makumi awiri anakhala m'labotalemo akudontheza mankhwala oyesera m'timbale ta timaenje tambirimbiri, kadontho kamodzikamodzi, kuti aone amene angaphe tizilombo ta matenda. Mwezi wathawo kunabwera loboti yodontheza yokha. Iwo anaitcha Mkamwini, poti inkangogwira ntchito chamutu pansi, osadya, osapempha ndi mpando womwe. Ntchito yawo inatsala yoiikira timbale ta mankhwala pathireyi basi.

"Kadzenje koyambaka," anatero Dotolo, tindevu take titatu tikunjenjemera. "Mankhwala atsopanowa apha tizilombo tonse, psiti! Zaka zitatu tikufunafuna. Ndikulembera akuluakulu pompano."

"Akamwini anu akuchotsani manyazi lero," anaseka Injiniya, mayi wosamalira lobotiyo, akuyang'ana Amanzere.

Amanzere anasuzumira pakompyutapo. Kadzenje komaliza, momwe nthawi zonse ankaikamo mankhwala akale odziwika kuti amapha, kankaonetsa tizilombo tili gwa, tikungonenepa. Pomwepo anadziwa. M'mawa muja anaika kambale monga dzanja lawo linazolowera, kona yodulidwa yosonyeza koyambira ili kumbali yolakwika. Kale zimenezi sizinkavuta munthu, poti wodontheza anali iwo, wowerenga anali iwo omwe. Koma Mkamwini safunsa. Anangotunga komaliza n'kuthira koyamba, kompyuta n'kukhulupirira.

Tsono m'makhonde munali kale manong'onong'o oti ena apumitsidwa ntchito chifukwa cha lobotiyo. Wolakwa woyamba ndiye adzatsogole. Amanzere anayang'ana khomo, anayang'ana chala cha Dotolo chimene chinali kuthamanga pamabatani.

"Adotolo, mwanangu, chotsani kaye chalacho."

"Bwanji, amayi?"

"Mankhwala mukuvinirawo amagulitsa kale m'masitolo. Ngakhale mayi anu anamwapo."

Lobotiyo inkangopitiriza kulira, nkhwii, nkhwii, ilibe nazo kanthu.

"Ndinatembenuza kambale," anatero Amanzere. "Dzanja ili. Aphunzitsi analimenya ndi lula mpaka kutopa, inu mungalithe?"

Dotolo anatsegula chitseko chagalasi cha lobotiyo, natulutsa kambale kaja. Anakayang'ana nthawi yaitali, kenako anakhala pansi ngati thumba lotayidwa.

"Ndinali nditayamba kale kuganiza za suti yodzavala polandira mphoto," anatero motsitsa mawu.

Injiniya anayesa kudzigwira pakamwa, koma phwete linamupulumuka.

Amanzere anayamba kumasula mabatani a khoti lawo loyera. "Ngati n'kupita kunyumba, ndiuzeni lero lomwe. Sindifuna kudzamvera kwa alonda pageti."

"Mukupita kuti?" anafunsa Dotolo. "Ine ndinaona kadzenje kamodzi kokha, kamene ndinkafuna kuona. Inu mukanangosoka pakamwa, kalatayi ikanapita, ndipo akuluakulu akanandiseka mpaka ndidzamere imvi."

"Imvi zake pa tindevu titatuto?" anatero Injiniya. Kenako anatembenukira kwa Amanzere. "Achemwali, dzanja lanulo lakula, sukulu linamaliza. Wophunzira ndi wamng'onoyu, Mkamwini wanu. Ndimuuza kuti asanatunge kanthu, aziyamba waona kumene kona yaloza. Ikakhala kolakwika, aziima n'kulira."

"Azindinenera?"

"Azikukumbutsani mwaulemu."

"Ha! Ndakalamba zoona, mpaka zitsulo zayamba kundilangiza."

Dotolo anafufuta kalata ija mzere umodziumodzi, akuusa moyo. "Tsiku lonse lapita pachabe. Tiyambirenso. Amayi, katengeni kambale kena m'filiji."

Amanzere anamanganso mabatani, awiri molakwitsa, osazindikira. Anabwera nako kambaleko atakagwira ndi manja awiri. Anthu atatu onse anawerama pathireyi, mitu ikugundana, kuonetsetsa kachinthu kochepa ngati chikhatho kakukhala pamalo pake.