Mjigo wa Matenanti

Lefina anayamba kutsekula m'mimba sabata imene fodya anayamba kukololedwa, ndipo mayi ake, Ennie, mtima unangoti zii. Chaka chathacho mlongo wake wa Lefina, Masautso, anayamba chimodzimodzi, ndipo anakamuika kumanda a kuseri kwa esiteti. Madzi anali omwewo, a pachitsime cha kudambo, pomwe ng'ombe zimamwera m'mawa, anthu n'kumatunga masana.

Ennie ndi mwamuna wake Zakeyo anachokera ku Phalombe kudzalima fodya wa bale pa esiteti ina kufupi ndi Santhe. Ankati akhala chaka chimodzi. Chakacho chinabala zinzake, ana anabadwira pomwepo, koma Zakeyo ukamufunsa ankati akangogulitsa fodya uyu basi akupita kwawo. Matenanti onse pakomboni nyimbo inali yomweyo. Choncho kukaitanidwa msonkhano wa chitukuko m'mudzi woyandikana nawo, iwo ankangopitiriza kusoka fodya, amvekere izo n'za eni mudzi, mlendo ndi mame. Makuponi a feteleza ankawadutsa chomwecho, iwo osatsegula pakamwa. Mame ake otha zaka zonsezo osakamuka, ine sindinawaonepo.

Mayi Perpetua, a zaumoyo a deralo, anafika pa njinga n'kupeza mwana maso atalowa. Anamumwetsa madzi a shuga ndi mchere, n'kusiya kolorini wothira m'ndowa. Koma sanawabisire makolowo kuti kolorini akatha, matenda abweranso.

Kenako anawafotokozera nkhani imene sankaidziwa. Kampani yogula fodya inali ndi thumba lothandizira madera amene imagulako fodya. Siinkangopereka mwachisawawa, inkatsata zimene komiti ya chitukuko yaika pa pulani ya dera. Chaka chatha eni mudzi anasankha mlatho, poti iwo mjigo ali nawo kale. Za madzi a pakomboni palibe anatchula, chifukwa wa pakomboni kunalibe ndi mmodzi yemwe. Msonkhano wina unali mwezi womwewo.

Zakeyo anakana. Anati munthu wobwera saimirira pabwalo la eni ake, ndiponso bwana wa esiteti akamva kuti matenanti akudandaula, awathamangitsa fodya asanagulitse.

"Thandizo la kampani si chifundo chokha, bambo a Lefina," anatero mayi Perpetua. "Fodya amene amagulayo amachoka m'manja mwanu. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine ndingakuperekezeni, kukulankhulirani ayi."

Ennie ndiye anayankha, koma poyankhapo ankayang'ana mwamuna wake.

"Munthu amene waika mwana wake m'dothi lino, ulendo wake uli pati? Mukufuna tiike wachiwiri kuti mudziwe kuti tikukhala kuno?"

Tsiku la msonkhano anapita amayi anayi ndi Zakeyo, iye ali m'mbuyo. Anakhala kumapeto, padzuwa. Ennie ataimirira, wina anang'ung'udza kuti obwera ayamba liti kusankha chitukuko. Zinamupweteka kwambiri, koma sanakhale pansi. Anafotokoza za chitsime, za ng'ombe, n'kutchula ana a pakomboni amene anamwalira ndi matenda a m'mimba. Wapampando wa komiti anavomera kuti aliyense wokhala m'dera ali ndi mawu, kaya anabadwira kuti, ndipo mjigo wa pakomboni unalowa pa pulani. Woimira kampani anati iye ankangoona zigafa za fodya akamadutsa pamsewu, sankadziwa kuti kuseri kwake kuli mabanja ochuluka chotere.

Musaganize kuti madzi anatuluka mawa lake. Mwini esiteti anazengereza kupereka malo, mpaka komiti inamupitira kangapo. Matenanti anauzidwa atute mchenga ndi miyala, ndiponso asankhe anthu osamalira mjigo, ntchito ya kumunda ili pomwepo. Mabanja ena anatopa n'kuchoka. Lefina anadwalanso, anagona kuchipatala, n'kutuluka ataonda ngati phesi. Masiku amenewo Ennie ankalira poyera, ankaona ngati analankhula pachabe.

Galimoto yokumba inabwera mvula itatha. Lero mjigo uli pakati pa komboni ndi mudzi, ndipo Zakeyo yemwe uja ndi amene amathira girisi ndi kukakhala pa misonkhano ya komiti. Lefina ali moyo. Anayamba sukulu mochedwa, koma akupita.

Abale, pulani ya chitukuko imatenga zokhazo zimene zanenedwa pamsonkhano. Kampani ikafuna kuthandiza dera lanu, pitani mukanene vuto lanu ndi pakamwa panu, kaya ndinu mwini mudzi, kaya ndinu tenanti. Ennie analankhula atataya kale mwana mmodzi. Inu musadikire maliro.