Nambala Yosokerera ya a Wilibala

Ku kalabu yothamanga ankawatchula a Wilibala, chifukwa munkayamba kuwamva musanawaone: bondo kwii, nsapato phwa, kwii, phwa. Anali telala wa zaka makumi asanu ndi kanthu. Kachipinda kawo kosokera kanali kuseri kwa shopu ya utoto, muli makina awiri, simbi imodzi ndi galasi lalitali lothetheka pakona. Pa tebulo lositira la m'menemo ndi pomwe anagwera achemwali awo chaka chatha, simbi ili m'manja, osadzukanso. Mtima.

Patapita sabata namwino anawapima a Wilibala, n'kuyang'ana kamakina kake nthawi yaitali kuposa mmene wodwala amafunira.

"Mayi, matenda a achemwali anu aja inunso muli nawo. Muzithamanga, koma pang'onopang'ono, moti muzitha kuyankhula. Mawu akangoyamba kudukiza, imani. Mwandimva? Imani."

Poti ankatsalira okha kumbuyo opanda wocheza naye, ankayankhula miyeso ya makasitomala awo. "Aphunzitsi: chifuwa fote-thu, chiuno sate-eyiti, kumbuyoku tisanene." Miyeso ikatuluka yathunthu, ndiye kuti zili bwino.

Kenako unabwera mpikisano wa makilomita khumi. Za lole anawauza ndi mlamu wawo, mlongo wa amuna awo, mtsikana wa miyendo ngati sizasi ndi wotchi yoyankhula pamkono.

"Alamu, mutenge katsamiro. Mu Bokosi mulibe mipando."

"Bokosi lanji?"

"Lole yotola otsalira. Imabwera kumbuyo ikutola zizindikiro zapamsewu, siithamanga, siima. Tayala lake lakutsogolo likakudutsani, amakuchotsani nambala, mukwere. Ndiye amakakutsitsani pomalizira penipeni, anthu onse akuona."

"Ine sindikwera," anatero a Wilibala, akuluma ulusi.

Nambala aliyense amaimata ndi mapini anayi. Koma telala wa zaka makumi atatu pamakina angavale chinthu cha mapini pagulu? Anaisokerera pa malaya, mizere iwiri, makona n'kubwereza.

M'mawa wa tsikulo kunali mitambo yolemera, mphepo zii. Wezulo italira, gulu lonse linaphulika, ndipo a Wilibala anatengeka nalo ngati kansalu kogwera mu ngalande. Anadutsa pamalo omwetsera mafuta, anadutsa pa sukulu, mwaliwiro lomwe miyendo yawo inali isanalionepo. Atafika pa mlatho wa njanji, gulu lija linali litapita. Msewu unangotsala mbee, makapu apepala ali mbwee. Mashopu otseka. Ngakhale galu.

Ndipo anaimva. Injini yolira pansipansi, kenako khu! Chizindikiro chaponyedwa m'lole. Kachetechete. Khu!

Sanacheuke. Anawonjezera liwiro.

"Aphunzitsi: chifuwa fote-thu, chiuno... chiuno sate..."

Khu!

"Abusa: khosi... khosi..."

Khosi la abusa ankalidziwa ngati dzina lawo, koma silinatuluke. M'chifuwa munali ngati wina wawakulunga tepi yoyezera n'kumakoka, kumakoka, kufuna kuona kuti ithera pati. Mkono wamanzere unalemera. Ndiyeno anamva fungo, m'msewu wopanda munthu, fungo la nsalu yopserera. Ndi lomwe linawalandira tsiku lija atatsegula chitseko, simbi itadya diresi la kasitomala mpaka thabwa, achemwali ali pansi, nsapato imodzi itavuka.

Kutsogolo kunali chitunda. Akanatha kulimbana nacho, mwina n'kuisiya lole ija. Mwina. Anaponda kawiri, katatu, tepi ija ikukokabe.

Anaima.

Lole inafika mosapupuluma, yotuwa, magetsi oyaka masanasana. Tayala linawadutsa pang'onopang'ono ngati likuwayeza msinkhu. Munatsika mayi wa jekete lachikasu, fayilo kukhwapa.

"Pepani amayi, ndi malamulo. Nambala."

Anafufuza mapini pachifuwa pa a Wilibala. Anakoka pakona. Anakokanso.

"Adalaiva, tabwerani mudzaone. Asokerera!"

"Ing'ambeni," anatero adalaiva pawindo.

A Wilibala anakweza chala, poti mawu analibe. Malaya awo munthu sang'amba. Anapisa dzanja m'kamisolo, momwe mumakhala kasizasi kawo ngakhale ku tchalitchi, n'kuyamba kusula okha. Ulusi umodzi. Wina. Mizere inali iwiri, yolimba, ntchito ya munthu wodziwa. Adalaiva analiza hutala. Iwo osatekeseka. Atamaliza mbali yoyamba, mpweya unayamba kulowa. Atamaliza yachiwiri, mkono unapepuka. Pa kona yomaliza tepi ija inamasuka pang'ono, osati yonse.

"Abusa," ananong'ona, "khosi seventini ndi hafu."

"Mwati chani, amayi?"

"Sindikunena inu. Nayi nambala yanu."

Kumbuyo kwa lole kunamveka kamawu kachitsulo, kakuwerenga mphindi. A Wilibala anasuzumira. Pakati pa zizindikiro zija panagona anthu atatu, ndipo wapakatiyo, thaulo lonyowa pamphumi, miyendo itakungika, anali mlamu wawo. Wotchi inkamuuzabe kuti afulumire.

"Alamu! Katsamiro mwaiwala?" anatero a Wilibala.

"Musandiseke, alamu," anabuula mtsikanayo. "Kwerani, malo alipo."

"Kwerani, amayi, tachedwa," anatero wa jekete uja.

A Wilibala anabweza kasizasi m'malo mwake, n'kukwera pa kanjira ka oyenda pansi m'mbali mwa msewu.

"Nambala ndi yanu, ndakupatsani. Kanjira aka ndi ka aliyense."

Adalaiva anawayang'ana nthawi yaitali, ngati mmene namwino uja anayang'anira kamakina kake. "Mukagwa, ife sitibwerera."

"Ndikudziwa, bambo. Pitani, odwala anu akuzizidwa."

Lole inakwera chitunda, khu, khu, mpaka kuzimiririka. Msewu unatsegulidwa, magalimoto anayamba kudutsa. A Wilibala anayenda kaye mpaka pamwamba, kenako anayamba kakuthamanga kawo kaja, kwii, phwa, koti mayi wokankha njinga ya mwana anawadutsa n'kuwapatsa moni.

Pomalizira anapeza chinsalu chosonyeza mathero a mpikisano atatsitsa kale, mipando akuisanja, bambo wina akusesa makapu. Mamendulo anali atatha. Wosesayo anayang'ana timabowo ta singano pamalaya awo, mizere iwiri yooneka bwino, n'kusuntha tsache kuti adutse.

Tepi ija inali ikadalipo m'chifuwa, yomasuka, ikudikira. A Wilibala ankadziwa kuti sidzachokamo, ndipo Loweruka likubwerali ku kalabu adzatuluka nayonso limodzi, kumbuyo kwa onse. Anadutsa pamzere wa choko wofufutika osasintha liwiro.

"Aphunzitsi," anatero mokweza, wosesa uja n'kudzidzimuka, "chifuwa fote-thu, chiuno sate-eyiti."