Chidebe cha Amayi Pathumba la Feteleza

Zotsatira za mayeso a Folomu 4 zitangotuluka, ndinazindikira kuti mutu wangawu uli ndi eni ake ambiri. Aliyense kwathu ku Kaomba ankadziwa kale kumene Faustina akaphunzire, osandifunsa ine Faustina mwiniwakene.

Wotsogolera anali amalume anga a Simeon, alongo awo a amayi anga a Consolata, eni mbumba. Bambo anamwalira ndili wamng'ono, ndiye pakhomo pathu amalume akanena chinthu, chatha.

"Upita ku Bunda," anatero akuthirira nazale ya fodya kudimba, osandiyang'ana n'komwe. "Ukaphunzire zaulimi, ubwere ukhale mlangizi kuno. Mayina a makuponi akamalembedwa, alangizi amakhala pompo. Taona, mabanja anayi tikugawana thumba limodzi la feteleza ngati mchere. Iwe ukakhala kumeneko, umphawi umenewu watha."

Ha! Zaka zonsezi ndakhala ndikupsa maso ndi utsi wa koloboyi, kuwerenga mpaka mutu kuwawa, kuti ndidzasanduke kuponi ya amalume? Ndinapsa mtima.

M'mawa mwake ndinakwera kabaza mpaka pa Boma. Ndinalowa m'kachipinda ka makompyuta, intaneti yake yoyenda ngati birimankhwe, n'kuyamba kuwerenga za mayunivesite: ku Zomba, ku Mzuzu, ku Bunda, ku Poly. Bunda ndilibe nayo mlandu, ndi sukulu yabwino kwa amene mtima wawo uli m'nthaka. Koma ine wanga unali pa milatho. Kamtsinje ka kwathu kamakokolola mlatho wamitengo dzinja lililonse, ndipo ndawolokapo kangati mabuku ali pamutu, madzi ali m'chiuno?

Pobwerera ndinapeza anthu akukonza mlatho wina m'mbali mwa msewu. Amene ankalamula anali mayi wovala chipewa cholimba, amuna akuthamanga akangoloza chala. Ndinatsika pakabaza, manyazi ndinasiya pakaliyala. Anati dzina lawo ndi a Anesi, injiniya.

"Masamu umakhoza?" anandifunsa.

"Ndinawakhoza kuposa anyamata onse."

"Nanga ukudikira chiyani? Poly ili ku Blantyre, sinasamuke."

Madzulo ndinakagwada pakhonde pa amalume monga mwa mwambo. "Amalume, ndafufuza. Ndasankha za uinjiniya ku Poly."

"Wasankha?" Anaseka kuseka kouma. "Mwana wa mlongo wanga asankhe ine ndili moyo? Chabwino. Milatho yakoyo mukadye ndi amako. Chaka chino chidebe cha Consolata chisayandikire thumba."

Apa mpamene ndinachita mantha. Munda wa amayi ndi wamchenga. Popanda chidebe chimodzi cha feteleza chimene amalandira pathumbalo, chimanga chimathera m'mawondo. Ndinafika kunyumba ndikulira, ndinapeza amayi akuswa mtedza pankhokwe.

"Amayi, ndingolemba Bunda basi. Sindingakugonetseni ndi njala."

Amayi anangopitiriza kuswa, thee, thee, ngati ndalankhula ndi mtengo. Zinandipweteka zedi.

Tsiku logawana linafika mvula itayamba kugunda. Thumba linali pansi pa mtengo wa mango kwa amalume, kukamwa kwake kutamasulidwa, mabanja atakhala mozungulira, azimayi pamphasa, azibambo pamipando. Amayi anga ananyamula chidebe chawo ngati zaka zonse. Ine ndinatsatira pambuyo, mutu uli pansi, mawu ogonja ndawakonza kale pakamwa.

Amalume atationa anamwetulira. "Eya! Mwana waganiza bwino?"

Ndisanatsegule pakamwa, amayi anavundikira chidebe chija pansi, n'kukhalapo phee. Mayi anga amene moyo wanga wonse sindinawaonepo atakhala pamwamba alongo awo ali pompo! Azakhali ena anagwira pakamwa.

"Achimwene, gawanani atatu," anatero amayi. "Ine ndangobwera kudzaonerera."

"Consolata, wapenga? Udya chiyani?"

"Ndidzala mtedza. Mtedza sugwadira kuponi."

"Iwe, mwanayu ndi wa mbumba!"

"Mbumba inali kuti pamene ankawoloka mtsinje madzi ali m'chiuno? Feteleza wanuyu mvula ikagwa kawiri wasungunuka. Mwana wanga sindim'yeza pachidebe ngati feteleza ayi."

Amalume anatembenukira kwa ine, maso ali gwa. "Faustina, ukulola amako afe ndi njala chifukwa cha mwano wako?"

Ndinayang'ana amayi ali pachidebe chawo, msana uli chilili, manja okhakhala ali pamawondo. Sindinagwade.

"Poly, amalume."

Anagawana atatu ife tikuona, mpaka kukung'untha thumba. Chaka chimenecho kachimanga kathu kanali kachikasu, koonda, pafupi ndi munda wa amalume wobiriwira bii. Anthu odutsa ankaloza n'kumati, "Uwo ndi munda wa mayi wa injiniya." Tinadya mtedza, tinadya mbatata, masiku ena tinangomwa madzi n'kugona. Amayi sanadandaule ngakhale kamodzi, ndipo ine ndikafuna kupepesa ankandiuza kuti nditseke pakamwa.

Dzina langa litatuluka pa osankhidwa kupita ku Poly, amalume sanabwere kudzandiona. Amayi ndi amene anandiperekeza mpaka pamsewu wa M1. Basi itaima, anatula pamutu chidebe chija, atachitsuka mbee, muli sopo, zitenje ziwiri ndi mtedza wokazinga.

"Amayi, nanga chaka chino mukatengera chiyani feteleza?"

Anandikankhira pakhomo la basi. "Kwera, iwe. Chidebechi uzikasambiramo. Kuno chilibe ntchito."